Mabedi Anayi a ku Dar

Lolemba
Zaka khumi m'banja, ndipo Naphiri ndimangopita naye kumaliro. Chaka chino ayi! Mwezi wamawa tikwera basi mpaka ku Mbeya, kenako sitima yogonamo mpaka ku Dar. Awiriwiri. Mwiniwake sindinamuuze.

Abwana anga kusitolo ku Old Town njirayi amaidziwa. Akuti:
- tikiti gula kudakali nthawi
- sankha bedi lapansi, lam'mwamba ndi la anyamata
- juzi, kumapiriko kumazizira
- loko, tishu, madzi akumwa
- "Wotchi usiye. Sitimayo imafika ikafika."

Lachiwiri
Ndikuimba kusiteshoni. Chiswahili changa chikuthera pa moni. Mayi wakumeneko akubwereza katatu m'Chingerezi: amuna chipinda chawo, akazi chawo. Ndikuti ife tinadalitsa kutchalitchi. Akuti sitima siifunsa zimenezo, wofuna kukhala ndi mkazi wake agule chipinda chonse. Mabedi anayi.

Ndagula! Njinga yamoto idikire chaka china.

Lachitatu
Ku City Centre masana, kukabayitsa katemera wapamalire. Mkono watupa, Naphiri akufunsa, ndaulula zonse. Akuvina pakhonde, nthungululu mpaka aneba kusuzumira! Kenako wangoima.

"Mabedi awiriwo apita opanda munthu?"

Ndikuseka. Iye sakuseka.

Lachinayi
Apongozi afika kuchokera ku Mitundu, nkhuku m'manja. Pasipoti ali nayo kale, ya ulendo wa amayi akutchalitchi ku Chipata. Nyanja yamchere sanaionepo. Ndingakane bwanji munthu wondibweretsera nkhuku?

Atatu. Palibe kanthu, amagona msanga.

Lachisanu
Mlamu wanga Agnesi, wogwira ntchito m'nyumba ku Area 43, wapempha kale tchuthi. "Alamu, amayi adzawakweza ndani masitepe?" Akufunanso kukaoda zitenje.

Anayi. Bedi lapansi landithawa. Ndikuyeserera kukwera pa shelefu yakusitolo, abwana andipeza ndili m'mwamba. Sanafunse.

Loweruka
Apongozi akhala kukhitchini, ine pabalaza, mawu akudutsira mwa Naphiri monga mwa mwambo.

Akufunsa kuti mkamwini adzagona kuti.

Ndikuyankha kuti pamwamba pawo.

Apongozi akukuwa okha kuchokera kukhitchini:

"Malaulo! Chipinda chimodzi ndi apongozi?"

Ndaimbanso kusiteshoni. Mayi uja wandizindikira mawu, akuseka asanandipatse n'komwe moni. Bedi latsala limodzi kwa amuna. Lam'mwamba, pafupi ndi chimbudzi.

Lamulungu
Zatha motere:
- chipinda changa: Naphiri, apongozi, Agnesi, ndi zikwama pa bedi langa
- ine: ndi abambo atatu osawadziwa, mwina oliza mkonono

Basi, ndavomera.

Potuluka m'tchalitchi apongozi akuuza aliyense kuti mkamwini wawo akuwatengera kunyanja yaikulu. Zaka khumi amanditcha "awo". Lero akuti "mwana wanga".

Naphiri wandikoka malaya pageti. Wafufuza yekha: pakati pa sitima pali chipinda chodyera, matebulo ang'onoang'ono apazenera.

"Mudzavale jekete, bambo. Mudzandifunsirenso mbeta pamenepo, mwina ndidzalola."