Tsiku Limene Ndinathokoza Mlatho Usanamangidwe

Amene akuti ndikunama aike fodyayo pansi, atuluke m'chigafa muno, atsetserekere kumtsinje wa Mtsukamiyendo akaponde mlatho uja ndi mapazi ake, kenako abwere adzandiuze amene anauika pamenepo. Ine ndine Gelevaziyo Mbewe, ndinabatizidwa ku Madisi, ndilibe chifukwa chonamira pa ukalamba uno. Inu akamwini munabwera m'mudzi muno mlathowo ulipo kale, mumangowoloka nsapato zili kumapazi, osadziwa kuti simenti imeneyo inachokera pakamwa panga pano. Pitirizani kusankha fodyayo, ine ndikufuna makutu okha.

Masiku amenewo ndinali wachibwibwi, chibwibwi chenicheni osati chongogwira lilime pang'ono. Ndinayamba kufunsira Nankhoma, mayi a kunyumba kwangawa, chimanga chikungomera kumene, ndipo pamene ndinkamaliza kunena kuti ndawakonda chimangacho chinali m'nkhokwe, iwo atavomera kalekale, ankhoswe atakumana, nsalu ya ukwati ili kwa telala. Kutchalitchi ndikayamba pemphero Lamulungu, ameni ndinkamunena Lachitatu ndili kumunda. Mukumva?

Mtsinje uja dzina lake ndi la m'chilimwe. M'chilimwe unkatsukadi miyendo yokha, koma mvula ikagwa kumapiri a Ntchisi unkatsuka munthu yense ndi ngolo yake yomwe. Mlongo wanga Agnesi anagona m'mbali mwake masiku awiri ali pamachira, nthawi yake yobereka itakwana, chipatala cha ku Madisi chili tsidya ilo, ife amuna anayi tikungoyang'ana madzi. Iye anapulumuka. Mwanayo amayi anakamuika asanakhale ndi dzina. Pamenepa sindiwonjezerapo kanthu.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo kupempha kunali koopsa kuposa mtsinjewo, chifukwa ukati tilibe mlatho ndiye kuti wanena kuti boma silikugwira ntchito. Mphunzitsi wina pasukulu yathuyi anaimapo pamaso pa alendo n'kunena kuti anthu akuvutika, liwu limodzi lokhalo, m'mawa mwake galimoto inabwera kudzamutenga, ndipo anabwerako patapita zaka ziwiri ataonda ngati mpini, moni akuyankha ndi mutu. Tsono utafika uthenga woti a nduna adzacheza kuno mvula yoyamba ikagwa, ndipo pakufunika mlimi mmodzi wodzayankhula m'malo mwa anzake, amuna onse m'mudzi muno anadwala pakhosi. A Kamwendo, amene anali tcheyamani wa chipani kunthambi yathu, ndiwo analoza ine. Anati Gelevaziyo ndiye woyenera, chifukwa pomadzafika pa liwu loopsa alendo adzakhala atafika kale kwawo. Anthu anaseka n'kuvomereza. Ine ndinafuna kukana, koma pamene ayi wanga ankatuluka msonkhano unali utabalalika.

Ndinakhala masiku atatu osadya bwino. Tsiku lachinayi ndinakumana ndi Agnesi akuchokera kumadzi, ndipo ndinaona kuti ali ndi pakati pena. Basi ndinanyamuka wapansi ulendo wa ku Msakambewa kwa a Simoko, mkulu amene anakalamba akumasulira milandu kukhoti, munthu amene anamvapo anthu ambiri akudzimangitsa ndi pakamwa pawo pomwe.

Anandikhazika pakhonde n'kundifunsa kuti, "Mukufuna chiyani kwa a ndunawo?"

Ndinatchula mlatho, mjigo, chigayo, malata a sukulu ndi feteleza, ndipo pomaliza kutchula zimenezo dzuwa linali litapendeka.

"Sankhani chimodzi," anatero a Simoko. "Munthu wamkulu amanyamula chinthu chimodzi, zinazo amazisiya pampando pomwe anakhala. Komanso musadzawauze zimene sanachite. Iwowo amaopa manyazi pagulu ngati inu nomwe. Mudzawathokoze pa zimene adzachite."

Anandiphunzitsa kuti mawu amamangidwa ngati chigafa chomwechi, uyambe wazika mphanda, kenako mitanda, udzu pomalizira, chifukwa woyambira udzu amangounjika mulu umene mphepo imamwaza. Popeza kuwerenga kwanga kunali kwa dzina langa lokha, anatenga luzi n'kumangapo mfundo zitatu, yoyamba ya moni ndi kuthokoza, yachiwiri ya zokolola zathu, yachitatu ya mlatho, ndipo anati ndidzalifumbate m'manja, ndikamaliza nkhani imodzi chala chizipita pa mfundo ina, ndikadzafika pa yomaliza ndidzakhale pansi anthu akadafunabe kumva. Mukamamva lero anthu pawailesi akuti mfundo yanga yoyamba, mfundo yanga yachiwiri, dziwani kuti zinayambira pa luzi langa lija. Kale mawu amenewo kunalibe.

Za chibwibwi anati ndiziyankhula ndikulima, liwu limodzi khasu limodzi, osatulutsa liwu khasu lisanagunde pansi. Ndinayamba m'munda mwanga m'mamawa, ndikuti a-nduna-athu-takulandirani, khasu likugwa mzere ukukwera, ndipo nditafika m'malire ndinapeza kuti mfundo yoyamba sinathe, ndiye ndinangopitirira m'munda mwa a Kamwendo, n'kudutsa mwa achimwene anu aja a kumtunda, n'kugalauza msewu womwe mpaka basi ya ku Madisi inaima tsiku lonse dalaivala akudabwa kuti ndani wapanga mizere pamsewu wa boma, ine osaona, ndikungokwera mapiri n'kutsika, mpaka mayi wina anandigwira malaya n'kundifunsa amene wandilemba ganyu, ndipo nditafunsa kuti kuno ndi kuti anandiyankha kuti ndi ku Ntchisi. Khasu linali litatha mpaka kufanana ndi supuni. Chaka chimenecho anthu onse kuchokera kuno mpaka kumeneko anangodzala osalima, ndipo chibwibwi changa chinatsala m'mizere imeneyo. Ndimamva kuti chimanga chake chinamera modukizadukiza.

Nditabwerera kwa a Simoko anati lilime lamasuka koma mawu akuchokera pakhosi, mpweya uzichokera m'mimba. Ndinakwera paphiri lathuli n'kukoka mpweya monga anandiuzira, ndipo zovala zimene amayi anayanika ku Madisi zinanyamuka ndi zingwe zake zomwe n'kudzandikulunga kumaso, moti sabata yonse ndinkayenda khomo ndi khomo kubweza madiresi a eni ake. Potulutsa mpweyawo ndinanena moni wa alendo, mawu anapita mpaka kukagunda phiri la Ntchisi, ndipo anabwerera m'mawa mwake ine ndikusukusula, koma anabwera atakonzedwa, chifukwa ndinali nditayamba kutchula a tcheyamani ndisanatchule a nduna, ndipo phirilo linawaika aliyense pamalo pake. Cholakwa chimenecho chokha chikanandigonetsa kundende. Mukumva?

Chinatsala ndi kuyankhula pamaso pa gulu. Anthu sakanandipatsa nthawi, ndiye ndinapita kudimba kumene anyani ankationongera chimanga. A Simoko anandiuza kuti ndiziyang'ana wakumbuyo kwenikweni n'kumayankhula ndi iyeyo, ndipo pamene omvera ayasamula, mawu a pamenepo ndiwachotse. Tsiku loyamba anyani anandigenda ndi zitsononkho. Tsiku lachitatu anakhala pansi. Panali nyani wina wamkulu wokhala kumbuyo amene ankayasamula nthawi zonse ndikafika potchula mitundu ya mtedza, ndiye ndinaichotsa yonse, ndipo sabata yachiwiri isanathe anyani onse ankaomba m'manja pa mfundo iliyonse, n'kubweza chimanga chimene anaba, aliyense kuchibwezera paphesi pamene anachithyola.

Tsiku lija linafika. Nankhoma anandimangira bulangete ndi sopo m'kathumba, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti kathumbako n'ka chiyani. Pabwalo la sukulu anthu anadzaza mpaka m'mitengo, amayi atavala nsalu za chipani akuvina, anyamata a chipani ataima m'mbali maso ali pa ife. A nduna anawoloka mtsinje m'mawa madzi ali m'maondo, anali bambo wathupi, wa suti yakuda ndi magalasi. Ndisanaitanidwe a Kamwendo anandinong'oneza kuti, "Mukangotchula vuto, ine sindikukudziwani." Nditaimirira, chinkuzamawu chinalira kamodzi n'kuzima. Maondo anga ankagundana moti amayi oimba ng'oma anayesa ndawayambitsira nyimbo. Zimenezo ndikuvomera. Koma ndinafumbata luzi, ndinapeza gogo wina wakumbuyo kwenikweni atatsamira mtengo, ndinakoka mpweya pang'ono pokha kuti zipewa za alendo zisauluke, ndipo ndinayamba.

Moni ndinamupereka mwa dongosolo lake, wamkulu poyamba. Pa mfundo yachiwiri ndinanena za fodya wathu, mtedza wathu ndi chimanga chathu, kuti chifukwa cha malangizo a boma zachuluka mpaka zikufuna kuwoloka zikaonekere kumisika. A nduna anagwedeza mutu. Chala chitafika pa mfundo yachitatu ndinaitana Agnesi kuti aimirire, ndipo pabwalo lonse panalibe wosadziwa zimene zinamuchitikira. A Kamwendo anayamba kusuntha mpando wawo pang'onopang'ono kutalikirana nane. Ine ndinati, "Bwana, uyu ndi mlongo wanga. Wandituma kuti ndikuthokozeretuni chifukwa cha mlatho umene mudzatimangire, ndipo akuti mwana ali m'mimbayu akadzabadwira kuchipatala tsidya ilo, adzamutcha dzina lanu."

Liwu loti vuto silinatuluke pakamwa panga. Ndinangoyamba kuufotokoza mlathowo, mizati yake, zitsulo za m'mbali, kutalika kwake, ndipo ndinaufotokoza bwino kwambiri moti anthu atacheuka kuyang'ana kumtsinje anauona uli chilili, ndipo a Zakeyu amene ankabwera ndi ngolo ya nkhuni kuchokera tsidya lina sanafunse n'komwe, anangokusa ng'ombe zawo n'kukwera pamawu angawo, ng'ombe zikuyenda m'mwamba madzi akudutsa pansi, ndipo akanawoloka bwinobwino ndikanapanda kuima kuti ndimeze malovu, chifukwa pamenepo gudumu lakumbuyo linagwera m'madzi, ndipo ndinachita kubwereza chiganizo chonse kuti litulukemo. Mukumva? A Zakeyuwo anamwalira, koma ngoloyo mwana wawo akadali nayo, pitani mukaone gudumu lakumanzere.

Pamenepo ndiye pamene ndinayenera kukhala pansi. Koma munthu amene wakhala zaka makumi atatu mawu akumutsamwa, akatseguka satsekeka msanga. Zonse zimene ndinalephera kunena kuyambira ndili mwana zinabwera pamzere, mayankho a mafunso a kusukulu, moni amene sindinabweze, mawu otsala a pofunsira paja, ndipo ndinayankhula mpaka nkhuku imene inaikira mazira pansi pa tebulo la alendo inaswa, anapiye anakula, tambala mmodzi mwa iwo n'kulira, ndevu za a Kamwendo zitafika pachifuwa, koma palibe amene anadzuka, ngakhale gogo wakumbuyo uja. Mlatho anayamba kuumanga chilimwe chotsatira. Mwana wa Agnesi wa chaka chimenecho anabadwira kunyumba, anali wamkazi, ndi mayi Telezia mumawadziwawa, ndipo dzina la a nduna linadikira mlongo wawo wamng'ono amene anabadwiradi tsidya ilo.

Tsono ndikuona ena mukuyang'anizana, ndiye kuti Nankhoma anakuuzani kale zawo. Iwo amati a nduna anagona ndisanafike ndi pakati pomwe, ndipo anadzutsidwa ndi bingu. Amati chifukwa cha kuchedwetsa kwanga mvula inagwa kumapiri, mtsinje unadzaza, galimoto ya a nduna inazimira pakati pa madzi, ndipo panafunika munthu woti awabereke kumsana. Chabwino, mvula inagwadi. Galimoto inazimadi. Ndipo amene anawabereka ndinali ine, poti a Kamwendo anati wachedwetsa mlendo ndiye amuwolotse. Tili pakati, madzi ali m'khosi mwanga, nsapato imodzi ya a nduna itapita, magalasi atapita, iwo atandikanyanga pakhosi ngati mwana, ndinaterereka pamwala, ndipo ndinangoti, "Gwiritsani, bwana." Anandifunsa mawu akunjenjemera ngati mtsinjewu umatero chaka chilichonse. Ndinati lero waphwa. Pomwepo, pamsana panga, analumbira kuti pamangidwa mlatho.

Nankhoma amati mawu anga onse amene anagwira ntchito tsiku limenelo ndi anayi okhawo. Mwina n'zoona. Koma ndinawanena pa nthawi yake, kwa munthu wake, iye akumvetsera ndi thupi lonse, ndipo nditawanena ndinakhala chete. Amene akuti zimenezo n'zapafupi, ayambe wabereka nduna pakati pa mtsinje, kenako adzanditsutse.