Foni ya Apongozi ndi Mimba Yanga

Mpaka lero ndikangomva munthu akutchula Kandeu, m'manja mwanga mumayamba thukuta. Chinandipalamulitsa ndi pakamwa pangapa, pomwe sipanaphunzirepo kunena kuti sindidziwa.

Ndine kalaliki pa Ntcheu boma, ndipo ndili ndi laputopu. Kubanja la akazi anga zimenezi zokha zinandisandutsa katswiri. (Kunena zoona, chomwe ndimatha ndi kutayipa makalata ndi kusewera makhadi.) Tsiku lina mayi a Chisomo, akazi angawo, anabwera kuchokera kwawo ku Kandeu ndi foni ya amayi awo. Inali yakalekale, galasi long'aluka, kumbuyo atamanga ndi mphira.

"Amayi akuti yayamba kumangozima yokha," anatero. "Muwasungire zonse mu kompyuta isanafe. Makamaka mawu a bambo."

Apongozi anga aamuna anatisiya chaka chatha. Asanadwale, ana awo anawajambula mawu akuimba nyimbo ya ngoma ya kubanja kwawo, m'Chingoni chakale chomwe kumudziko palibenso amachitha bwino. Loweruka la sabata yomweyo kunali mwambo wa chiliza chawo, ndipo alamu anga amayenera kuimba nyimboyo potsatira mawu a malemuwo. Kwina kulikonse mawuwo kunalibe.

"Imeneyo ndi ntchito ya mphindi zisanu," ndinayankha, osatsegula n'komwe foniyo kuti ndione zomwe zinalimo.

Chingwe choyamba, kompyuta inakhala ngati sinamve kanthu. Chachiwiri, chobwereka kwa aneba, chinagwira pokhapokha nditachipsinja ndi kapu. Kenako pulogalamu inatseguka n'kundifunsa funso lalitali m'Chingerezi, pansi pake mabatani awiri. Ndinawerenga mawu atatu oyamba. Mayi a Chisomo anali ataima kumbuyo kwanga akundiyang'ana mwaulemu, ndipo ndinaona kuti katswiri sangamawerenge pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani. Ndinadina batani lakumanja, chifukwa ndilo linali pafupi.

Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka kumapeto. "Mwaona?" ndinatero, ndikudzitambasula pampando. Ndinatsegula zithunzi m'foni muja kuti ndiwasonyeze kuti zonse zili m'malo mwake.

Chithunzi choyamba chinali changa. Ndili chifuwa pamtunda, nditaima chammbali pagalasi la kubafa, nditagwira mpweya.

Pano ndiulule. Kuchipatala anandiuza kuti ndichepetse mimba, ndiye kwa miyezi itatu ndinkadzijambula Lolemba lililonse, n'kumabisa zithunzizo mu laputopu. Funso lija linkandifunsa kuti kodi kompyuta itengere foni, kapena foni itengere kompyuta. Ine ndinasankha chachiwiricho. Zithunzi za munda wa mbatata, za amayi a mvano, za adzukulu, zonse zinali zitapita. M'malo mwake munali mimba yanga, kakhumi ndi kawiri.

"Bambo a Chisomo," anatero akazi anga, mawu ali pansipansi, "mawu a bambo ali kuti?"

Ndinafufuza m'foni, munalibe. Ndinafufuza mu laputopu, munalibenso. Mutu unazungulira, malovu anauma. Mayi a Chisomo anangokhala pansi pasimenti, manja kumutu, osalira, osakalipa. Bwenzi atandilalatira, mwina ndikanapezako mpumulo. Ndinali nditawaika bambo awo m'manda kachiwiri, ndi chala chimodzi.

Ndinati bola ndifufute kaye zochititsa manyazizo. Nthawi yomweyo foni inazima. Ndinaitchaja, ndinaigogoda, ndinathamanga nayo pakabaza kwa wokonza mafoni kumsika. Iye anaitembenuza kawiri n'kundibwezera. "Bwana, iyi yapuma. Ndani anaigwira?" Ndinamuuza kuti ndi mnzanga wina wa kuntchito.

Lachisanu tinakwera ulendo wa ku Kandeu. Amene mukudziwa mwambo mukumvetsa vuto langa: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pabanja, mayi amenewa anali asanaonepo ngakhale phewa langa. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndinakanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, nkhope nditalozetsa ku khola la mbuzi, ndipo akazi anga ndiwo anafotokoza tsokalo. Chonditonthoza chinali chimodzi chokha, chakuti foniyo inali yakufa.

"Bweretsa kuno," anatero apongozi.

Anamasula mphira uja, kukanikiza batire ndi chala chachikulu, kuuzira kawiri. Ndinamva kanyimbo koyakira foni. Mayo ine! Ndinafuna nthaka itang'ambika.

Panakhala chete wautali. Ndinkangomva chala chikukhwekhwereza pagalasi, ndipo ndinkawerenga mumtima. Chinafika pa khumi ndi ziwiri, n'kubwereranso pambuyo.

"Mwana wanga," anatero kwa akazi anga, "uwauze bambo a Chisomo kuti choyambachi ndi chomalizachi, ine sindikuonapo kusiyana."

Kenako anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chawo, natulutsa kapepala kopindapinda. Mkati mwake munali memore khadi, kakang'ono ngati chikhadabo.

"Aphunzitsi a pasukulu apa anandiuza kale kuti mawu aja ali m'kanthu aka. Ndinati ndione kaye ngati zithunzi za mbatata zikafike bwino. Si omwewa anakonza wailesi yathu ija mpaka inasiya kulankhula? Ine ndinatumiza foni. Amuna anga sindinawatumize."

Mayi a Chisomo anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine ndinangoombera m'manja, ndikuyang'anabe mbuzi, zomwenso zinkandiyang'ana.

Loweruka mawu a malemu anamveka kumanda kuja kudzera pa sipika, amphamvu ngati munthu ali pomwepo, ndipo alamu anga anavomera nyimboyo akuponda pansi ndi zishango m'manja. Ndinagwetsa misozi yeniyeni, ina yachisoni, ina ya munthu wopulumuka. Zithunzi za adzukulu zija sizinapezekenso, ndipo zimandipwetekabe.

Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Masiku ano kompyuta ikandifunsa kanthu, ndimawerenga mpaka pampumiro, chala chikuloza. Koma zithunzi zanga apongozi anakana kufufuta, akuti ndi zokhazo zatsala m'foni mwawo. Ndipo ndikapita ku Kandeu, alamu anga amapatsidwa mbatata yodzaza mbale, ine ziwiri zokha. Uthenga wake umadzera mwa akazi anga: amayi akuti akukuthandizani.