Telala Wokhutira Kawiri Apempha Kuonedwanso Mlomo

Kwa Bwana Mkulu wa Ofesi Yoyeza Kukhutira kwa Odwala,

Bwana, ndagwira mwendo wanu. Ine ndine telala uja chipatala chanu chinamukonza nsagwada miyezi isanu yapitayo, bedi lachitatu kuchokera pazenera. Nkhope simungaikumbuke, poti ngakhale ine m'mawa ndimayamba ndapereka moni pagalasi ndisanadziwe kuti ndi ine ndemwe.

Ndinabadwa nsagwada yam'munsi itatsogola ngati ikuthamangira basi. Kusukulu ankanditcha Fosholo, ndipo dzinalo linandiperekeza mpaka kuukwati. Mano anga sankakumana, nyama ndinkangomeza. Kwa adotolo ndinati vuto langa ndi kutafuna. Zoona zake, bwana, ndinkafuna kujambulitsa chithunzi choonetsa nkhope cham'mbali kamodzi kokha ndisanafe. Bambo wa ana anayi, imvi zili mbuu! Ndiye musandimvere chisoni kwambiri.

Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo potumiza mayi wa ofesi yanu ndi fomu tsiku lachiwiri nditachitidwa opaleshoni. Mano anga anali omangidwa ndi mawaya, masaya atatupa ngati ndabisamo mipira. Anandifunsa mafunso khumi ndi awiri, lililonse ndinayankha kuti "mmm", ndipo iye, munthu wophunzira, anamva kuti ndakhutira kwambiri. "Mmm" wachisanu ndi chimodzi uja ndinkapempha kuti wina andiperekeze kuchimbudzi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha fomu ina ija mawaya atachotsedwa. Apa wolakwa ndine, pakamwa panali potsekula. Pafomupo panali tinkhope tisanu, kuyambira kolira mpaka koseka. Adotolo anaima pambali panga akumwetulira, munthu amene anakhala maola anayi akusema mafupa anga. Ndani angachonge kankhope kolira munthu wotere akuona? Ndinachonga koseka. Mkazi wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine ndinachonga koseka kena. Pamzere wa ndemanga ndinalemba kuti Mulungu akudalitseni, n'kudula mzere kunsi.

Chachitatu, mafunso anu ndi aulemu. Munafunsa ngati makatani anali oyera, ngati anamwino ankandipatsa moni, ngati zikwangwani zolozera njira zinali zooneka. Za mlomo simunafunse, ndipo ine sindinafune kukusokonezani. Mlomo wanga wam'munsi, kutsika mpaka kuchibwano, unachita dzanzi tsiku la opaleshoni ndipo sunadzukebe. Tiyi amatsikira pamalaya osatsanzika. Mkazi wanga akandipsompsona ndimamva ndi makutu okha.

Zimenezo ndikanapirira. Koma telala amagwira mapini ndi milomo, bwana, ndipo ine ndatero zaka makumi awiri. Mwezi watha ndinali chogwada m'shopu, ndikupinda m'mphepete mwa diresi la ukwati, mkwatibwi ataima pakampando. Ndinangomva mayi ake akukuwa kuti, "Atelala, magazi!" Ndinatembenuka kufunafuna wovulalayo. Pini inali italowa mumlomo mwanga, magazi akudontha pansalu yoyera, ine osamva kanthu. Diresilo analikulunga n'kutuluka nalo, ndipo pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa. Akwatibwi tsopano amapita kwa mnzanga wa pakona, amene amasoka zokhota koma satuluka magazi. Ine ndatsala ndi mazipi a mathalauza.

Ndiye ndinabwerera kuchipatala kuti adotolo andionenso. Kalaliki wa pazenera anayang'ana pakompyuta, nandiuza mwaulemu kuti fayilo yanga inatsekedwa, chifukwa ndinakhutira kawiri konse. Akuti oitanidwanso ndi okhawo amene anadandaula. Kumbuyo kwake kunali chinsalu chachikulu cholembedwa kuti odwala 98 mwa 100 alionse amachoka pano okondwa. Ndikuulula, bwana, ndinanyada. Ndinauza gogo amene anali kumbuyo kwanga pamzere kuti mmodzi wa anthu amenewo ndine. Gogoyo anandiyang'ana, natulutsa kansalu m'thumba, n'kundilozera dovu limene linali likuyenderera pachibwano.

Ndisakhale wosayamika. Nyama ndikutafuna, chithunzi chija ndinajambulitsa ndipo chili pakhoma, apongozi anga akuti tsopano ndikuoneka ngati munthu. Mpeni wa adotolo sindikuudandaula. Ndikudandaula cholembera, chimene ndinachigwira ndekha.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndichotseni m'gulu la okondwa, mundiike kwa awiri otsala aja, amene anali ndi mtima wonena zoona ndipo adotolo akuwaonabe. Ndikudziwa kuti 97 sangakome pachinsalu chanu ngati 98. Musadandaule za kusindikiza china, chigamba ndibwera nacho ndekha ndipo ndisoka mwaudongo. Kuphimba pong'ambika kuti alendo asaone, bwana, ndi ntchito imene inu ndi ine timaidziwa bwino.

Ine wanu wokhutira mosayenera,
Telala wa moyang'anana ndi pokwerera basi