Kutsatsa Brazil kwa Alamu Anga

Lolemba

Tadala wasankhidwa! Zaka ziwiri ku Brazil kukaphunzira zaulimi, zonse alipira a kusukulu kwake. Mwana wanga ine, yemwe uja ndinkamunyamula pakhosi popita kothirira nazale! Ndavina m'chigafa mpaka fumbi la fodya landitsokomoletsa.

Amake angondiyang'ana. "Nanga achimwene mwawauza?"

Ndinaiwala kuti pano ndine mkamwini. Ndinabwera ndi khasu ndi bulangete basi. Mwana ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba ndi alamu anga a Chimphamba, mkulu wa mpingo, munthu amene sanavomerepo chinthu tsiku lomwe wachimva. Akuti mbumba ikumana Loweruka. Tadala ayenera kuyankha Lolemba likubwerali. Akangokana iwowo, malo apita kwa mwana wa wina.

Ndikuwapeza pakhonde akusoka chiguduli cha belo. "Brazil? Kumpira kuja? Mwana wamkazi akatani kumeneko?"

Nzeru ndili nayo. Ndiziwapatsa Brazil pang'onopang'ono ngati feteleza, kakapu kamodzi paphando. Pofika Loweruka adzakhala atabiriwira.

Lachiwiri

M'mawa njinga mpaka ku Kapelula, kugolosale ya a Saidi, amene ali ndi foni yaikulu yodziwa zonse. Ndagula sopo kuti ndisaoneke wongodzafunsa. Zimene tapeza:

Dzikolo ndi lalikulu zedi, Malawi angalowemo kambirimbiri n'kutsala malo a dimba.

Likulu lake ndi Brasilia. Ine ndimayesa ndi Rio.

Kumazizira mu Juni ngati kuno. Juzi yake yomwe ija imukwanira.

Ife tikamadya nkhomaliro, iwo amakhala akungodzuka.

Amalima khofi, soya, chimanga, nzimbe, ndiponso fodya!

Fodya! Ndapalasa njinga ngati mnyamata. Ndikuti alamu, kumeneko ndi kwa alimi anzathu, mwana sakasowa chocheza.

Iwo akuti: "Kodi ndi amenewo? Amene amadzaza fodya padziko, wathu n'kumabwezedwa ku okushoni? Ndiye tiwapatsenso mwana?"

Pa zodzuka mochedwazo akuti ndi ulesi. Ndayesa kufotokoza za dzuwa, ndasokonezeka ndekha.

Lachitatu

Lero ndiyamba ndi zakudya, palibe munthu amakangana ndi chakudya. Sopo wachiwiri kwa a Saidi.

Amadya mpunga ndi nyemba pafupifupi tsiku lililonse. Chinangwa chiliko, chimanga chiliko, nyama yootcha ndiye osanena. Mpunga tsiku lililonse, abale! Kuno timauona pa Khirisimasi ndi paukwati.

Alamu agwedeza mutu. Mtima wanga myaa. Ndiye m'malo mongotsanzika n'kumapita, pakamwa panga pawonjeza kuti chiyankhulo chake n'chosavuta, ndi Chipwitikizi, cha anzathu a ku Mozambiki konkuno.

Ndinali nditaiwala za njinga ya alamu. Ali mnyamata anapita nayo kutsidyako kukagula nsomba zouma, anabwerako wapansi.

"Chiyankhulo chimenecho ndinachimvapo kamodzi. Ndisanayankhe n'komwe, njinga inali itapita."

Amake Tadala akuti ndikanayamba ndafunsa iwo. Safunsa anadya phula, ndipo lero ndadya ine.

Fodya sindinasankhe ngakhale tsamba limodzi. Tadala ali yekha m'chigafa kuyambira m'mawa.

Lachinayi

Mkulu wa mpingo umam'gwira ndi za mpingo. A Saidi, munthu wabwino, andibwereka foni ya masana onse, ati bola ndisaigwetse. Sopo wachitatu.

Ndikuwaonetsa alamu chithunzi: Yesu wamkulu wa mwala pamwamba pa phiri, atatambasula manja, mzinda wonse uli pansi pake, nyanja ili mbee. Ndikuti onani, dziko la Akhristu.

Avala magalasi. "Fano."

Ndikuti si fano, n'chikumbutso chabe. Ndikufuna kukulitsa chithunzicho ndi zala monga amachitira a Saidi. Chala chaterereka. Mayo ine! Ng'oma zaphulika m'foni, azimayi a nthenga kumutu akuvina mumsewu, nthengazo ndiye zambiri koma nsalu anaiwala kunyumba. Ndi chikondwerero chawo cha pachaka. Ndikudina apa, phokoso likukwera. Ndikudina apo, akubwera ena. Ndaiika m'thumba la jekete, ikuimbabe m'thumbamo.

Alamu avula magalasi, awapukuta, awaika m'thumba. Bola akanandikalipira.

Lachisanu

Sindinagone bwino. Ndabweza foni. A Saidi akuti sopo ndisagulenso, angondithandiza mwaulere, akundimvera chisoni.

Tafufuza zoopsa kuti ndikhale wokonzeka akandifunsa:

Nkhalango ya Amazon ili kumpoto, Tadala akupita kummwera. Kutali.

Njoka yomeza mbuzi yathunthu imakhala m'madambo a kutali komweko.

Katemera abayitsa asananyamuke.

Akuba m'mizinda aliko, koma nanga ku Lilongwe kulibe?

Anthu akuda ngati ife ndi ochuluka, makolo awo anatengedwa kuno ku Africa nthawi ya ukapolo.

Ndayeserera kaye pa amake. Pa njoka paja aika lichero pansi. Pa ukapolo paja afunsa kuti, "Ndiye amene anapitawo, alipo anabwerako?" Tsopano nawonso akukayika! Lolemba otsutsa anali mmodzi, lero alipo awiri, ndipo wachiwiriyu ndimagona naye nyumba imodzi.

Madzulo ndalowa m'chigafa. Tadala wakhala pamphasa, miyendo tambalale, akusankha fodya. Sayang'ana kawiri: lofiirira uku, lowala uku, long'ambika apo. Maso anga anayamba kale kundinamiza, masamba onse amaoneka ofanana, ndipo zaka zitatu izi mabelo athu sanabwezedwepo chifukwa cha manja amenewa.

"Bambo, tasiyani. Mukamalankhula kwambiri m'pamene zikuipa."

Ndakhala pambali pake, ndikumupatsira masamba. Ndamva chisoni chimene sindikuchidziwa mutu wake.

Loweruka

Mbumba yakumana pansi pa mtengo wa mango kwa alamu. Azakhali, azichemwali a amake, onse pamphasa. Ine andipatsa kampando kumapeto, pafupi ndi khola, malo a mkamwini. Mawu ndakonza usiku wonse: kukula kwa dziko, mpunga, Juni, katemera.

Alankhula onse. Wina njoka, wina nthenga zija, nkhani inafika kale mudzi wonse. Tadala wayankha mwaulemu, mawu ochepa. Ine palibe wondifunsa.

Pomaliza alamu atembenuka. "Alamu, za dzikolo tamva, mwatitopetsa nazo sabata yonse. Ndikufunsa inu bambo wake. Mwanayu apite?"

Ndaimirira. Ndatsegula pakamwa. Mpunga wathawa, Brasilia wathawa. Chimene chatuluka n'chakuti, "N'kutali, alamu." Misozi ikutsika, pamaso pa akazi onse a mudzi uno! Ndati n'kutali, ndipo sindikudziwa kuti pakhomo padzakhala bwanji, koma mwanayu wavutikira yekha mwayi umenewu, apite.

Mbuzi yalira m'kholamo.

Alamu akuti: "Mawu amenewo ndi amene ndimadikira. Sabata yonse mwakhala mukutsatsa dziko ngati wogulitsa kaunjika. Ndimati munthu uyu mwana sakumumvera chisoni, akungoona ndalama zakunja. Mwana sitipereka pa mawu a munthu amene sakumulira. Apite."

Nthungululu! Amake akulira, azakhali akuvina, Tadala wandigwira dzanja. Masiku onse aja ndimapalasa njinga kukafuna Brazil ku Kapelula, chikhalirecho munthuyu amangofuna kuona ngati zikundiwawa.

Lamulungu

Alengeza kutchalitchi. Alamu ndi amene apempherera ulendo, pemphero lalitali, atchulamo ndege, nyanja ndi mayesero a m'misewu. Potuluka anthu akundigwira chanza, akuti mwamuna uyu ndi wakhama, wagonjetsa a Chimphamba. Ndikungomwetulira. Sindinagonjetse munthu ine.

Masana amake atsitsa sutikesi yawo ya ukwati, akuipukuta fumbi. Tadala akuyeserera moni wa Chipwitikizi pakhonde, azing'ono ake akumuseka. Aliyense ali ndi chochita. Ine ndakhala pa njinga yosayenda, sindikudziwa kopita.

Ndinkafuna avomere, avomera. Walira mvula walira matope.

Tsopano dzikolo ndikulidziwa kuposa munthu aliyense m'mudzi muno. Chatsala chimodzi chokha. Ine kapena amake tikadzadwala mwakayakaya, uthenga n'kumupeza, angatenge masiku angati kuti afike pakhomo pano? A Saidi atha kundipezera yankho mawa m'mawa, nthawi yochepa chabe.

Sindikafunsa.