A Hafuseveni ndi Ntchito ya Pabalaza

Kwa a Hafuseveni, munthu wosatuluka pageti m'mawa anali lova, ngakhale akhale ndi madigiri odzaza sutikesi. Iwo anagwira umesenjala zaka 38, ofesi imodzi, njinga imodzi, ndipo ankalumbira kuti tsiku lokhalo limene anachedwa, abwana ndi amene anapititsa wotchi patsogolo.

Ndiye tangoganizani za mwana wawo womaliza, mtsikana amene anapeza ntchito yolembera makampani akunja pa laputopu, ali phee pabalaza, masilipasi kuphazi.

"Abwana ako ndani?" anafunsa mkuluyo.

"Alipo atatu, bambo. Sindinawaonepo."

"Penshoni?"

"Kulibe."

"Nanga akakuchotsa ntchito, upita kuti? Kukhitchini?"

Chimene chinkawadya mtima chinali pakamwa pa anthu. Njinga ija anaigulitsa kuti mwanayu amalize sukulu, ndiye mayi wamakala wapakona azinena kuti anaphunzitsa lova? Anaika lamulo. M'mawa uliwonse mtsikanayo ankasita bulauzi, kunyamula chikwama, kutuluka pageti, kupatsa moni aliyense mokweza, kenako n'kuzembera kuseri kukalowera khomo la kukhitchini. Manyazi ankamugwira, koma ankamvera. M'nyumbamo ankapeza bambo ake ali chilili, tayi pakhosi.

"Lero mwachedwa, madamu."

"Galu wa aneba anatseka njira, bambo."

"Ife tinkawoloka mitsinje."

Tsiku lina intaneti inaduka ntchito ikufunika msanga. Mkuluyo anapukuta nsapato, maso akuwala ngati mwana wolonjezedwa ulendo.

"Ika mu envulopu ndikapereke pamanja."

"Eni ake ali kutsidya kwa nyanja, bambo."

"Ndiye mawa undidzutse msanga."

A Hafuseveni atamwalira, kumaliro kunafika nkhalamba zisanu ndi imodzi za kuofesi yakale ija, matayi ofwifwa, ndodo m'manja. Zinalimbirana kunyamula bokosi mawondo akukana, zikukangana kuti ndani anayamba kumwa tiyi ndi malemuyo. Mtsikana uja anaseka misozi ikutsika, ndipo kwa nthawi yoyamba anawachitira nsanje bambo ake.

Msewu wakwawoko masiku ano umadzuka mwaulesi, ngakhale mayi wamakala akuti kukusowa womunena. Mtsikanayo analembera mabwana ake atatu aja kuti bambo ake amusiya. Awiri sanayankhe. Wachitatu anatumiza kachithunzi ka manja opemphera, n'kufunsa ngati ntchito ija ithabe Lachisanu.

Anaimaliza Lachinayi. M'nyumba monse munalibe womuuza kuti aweruke.