Tsiku limene mphasa ya apongozi inanditsata

Mpaka lero ndikafika pakhomo pa eni ake, ndimayamba ndadzigwira kumbuyo ndisanakhale pamphasa. Adzukulu anga amati ndi ukalamba. Ukalamba wa chiyani! Ndi phula la sitima.

Inali nthawi imene dziko lathu linkalamulidwa ndi Kampani ya azungu, ine ndili mnyamata wa ku Chiwanga, wodzimva ngati nyanjayi ndinakumba ndine. Sitima zikaima ku Metangula kudzatenga nkhuni, zinkasiya mafuta akuda pamadzi. Mafutawo ankayandama, kupsa ndi dzuwa, kenako mphepo ya mpoto n'kuwalavulira pamchenga ali timibulu tonga manyi a mbuzi. Kamodzi kokha kakakhudza usipa woyanika, dengu lonse linkanunkha. Choncho asodzi onse a pagombe lathu, a kumishoni ndi Asilamu omwe, anapangana kuti mpoto ukaleka aliyense azitola timibuluto n'kukakwirira kudzenje lakumtunda, kutali ndi madzi. Osaotcha, osasunga.

Ine ndinasunga. (Musandiyang'ane choncho, ndinali ndi chifukwa.) Bwato langa linali ndi mng'alu kumbuyo, pokhala wopalasa penipeni, ndipo ndinali nditaonapo amalinyero akumata boti ndi phula lakuda. Ndinati, anzangawa akukwirira chuma. Ndinamata mng'aluwo, zotsala ndinapaka pansi ponse, madzi osalowanso ngakhale dontho.

Amalume ataona anagwira pakamwa. “Mphwanga, lija amamatira azungu ndi lina. Ili ndi dothi la m'mimba mwa sitima.”

“Amalume, zinthu zasintha,” ndinatero ine, wanzeru.

Tsiku lokaonekera kwa makolo a Marita, mtsikana wa ku Lunho amene ndinkamufuna mpaka kusowa tulo, ndinavala nsalu yanga yoyera ya merikani. Dengu la usipa wa mphatso ndinaliika pansi m'bwato, amalume kutsogolo, ine kumbuyo. Dzuwa la chilimwe linaswa mtengo. Ndinamva pokhalapo pakufunda ndi kufewa, ndikuti ndi mtima wachikondi watsikira m'munsi.

Potsika ndinamva kuti nyaa, koma amalume anali atatsogola, ndipo munthu sadziona kumbuyo. Amayi otunga madzi ankaseka. Ine ndinati akusirira merikani.

Anatiyalira mphasa yatsopano, yoluka okha bambo a Marita. Ndinakhala mwaulemu, maso pansi. Amalume analankhula bwino, eni ake akuvomera, thobwa lili patsogolo pathu. Kenako mayi a Marita anavundukula dengu, ananunkhiza, anayang'ana amuna awo.

“Usipa uwu wabwera pasitima?”

Ndinaganiza zoti ndiime ndikafotokoze. Mayo ine! Ndikuima, mphasa nayo inaima. Ndinatembenuka kuti ndione chandigwira, mphasayo n'kuzungulira nane, kukolopa chipanda cha thobwa n'kuwakhuthulira apongozi aamuna pamiyendo. Ndinakoka mphasa, nsalu inayamba kumasuka m'chiuno. Apa ndinayenera kusankha: kuyenda ndi mphasa kapena kuyenda opanda nsalu pamaso pa apongozi. Ndinasankha mphasa. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka kuseri kwa nkhokwe, ikukwekwereza pansi ngati mchira wa ng'ona, amalume akungoti, “Si mwana wa mlongo wanga uyu, sindikumudziwa.”

Kuseriko mlongo wake wa Marita anandimatula ndi mafuta a nsatsi ndi mchenga, akuseka mpaka misozi. Koma ine kuseka kunalibe, chifukwa mawu a mayi aja ankamveka bwino lomwe.

“Zimene anzake akukwirira iye akusunga. Woswa pangano la pagombe, la banja adzalisunga?”

Ndinadziwa kuti Marita wapita, ndipo wandichotsera ndi manyi a sitima.

Anandipulumutsa ndi bambo ake, thobwa likudonthabe m'miyendo. Anati gombe lawo nalo ladzaza zonyansa zomwezo ndipo anthu akungozilambalala. “Poti amazikonda kutola, abwere azitola kuno. Tikaona mchenga wayera, tidzakambirana.”

Ndinatola, abale. Mpoto ukangoleka, ine ndili pagombe la eni ndi lichero, anthu akundiitana kuti Amphasa. Ndinakumba dzenje kumtunda monga kwathu. Poyamba ankabwera kudzaseka, koma poseka munthu amatolako kamodzi, ndipo mvula isanagwe mudzi wonse unali kutola, usipa wawo ukuyanikidwanso pamchenga woyera. Bwato lija ndinalipala mpaka manja kutuluka matuza.

Marita ndinamukwatira. Tsiku la ukwati apongozi aakazi anatipatsa mphasa ija, chidindo changa chakuda chili pakati, chosafuna wofotokoza.

Mukuganiza kuti ndinaleka nzeru zachilendo? Ayi ndithu. Koma ndikangoyamba kuti, “Mayi, ndaganiza njira yatsopano,” Marita sayankha. Amalowa m'nyumba, amatulutsa mphasa ija, amaiyala bwinobwino, n'kunena kuti, “Khalani kaye pansi, bambo, mufotokoze.”