Ndinkadikira Kuti Jazi Iyambe

Alamu anga a Fostino anatha miyezi itatu osandipatsa moni, ndipo sindiwadandaula. Akanakhala kuti wolakwiridwayo ndine, chaka chikanakwana.

Ntchito yanga ndi yojambula mawu. Makwaya a kuno ku Nguludi, maukwati, zinkhoswe, zonsezi zimadutsa m'makina anga. Pa ntchitoyi pali lamulo limene ndinaliphunzira ndevu zisanamere: osajambula oimba akamatchuna zida. Bandi ya pa ukwati imatha ola lathunthu ikukokakoka nsambo, wang'oma akugogoda apa ndi apo, ndipo mwini ukwati akapeza phokoso limenelo pa khadi yake yosungira mawu amati wamubera. Umadikira. Nyimbo ikayamba, mwendo umakuuza wokha.

A Fostino ndi achimwene ake a mkazi wanga. Anakhalitsa ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa komanso lipenga lopindika lotchedwa sakisofoni. Kuno anapeza anzawo awiri: a Esinati, aphunzitsi a ku Magomero oimba gitala ya besi, ndi Yusufu, telala wa ku Ndunde womenya ng'oma. Atatuwa ankaimba chimene ankachitcha jazi yaufulu. Ine ndinali ndisanaimvepo.

"Alamu," anatero a Fostino tsiku lina, "Loweruka masana tikaimba pa holo ya sukulu. Yusufu akunyamuka Lachiwiri, wapeza ntchito ku Nampula. Tikapanda kujambula ulendo uno, ndiye kuti basi, gululi lafa lopanda mawu. Mudzatigwirire."

"Nyimbo zingati?"

"Imodzi."

"Dzina lake?"

"Ilibe. Tidzaidziwa tikamaimba."

Munthu wanzeru akanafunsa funso lina pamenepo. Ine ndinafunsa ngati holoyo ili ndi magetsi. Safunsa anadya phula.

Loweruka ndinafika msanga, ndinaimika mamaikolofoni atatu, n'kukhala pa benchi ya kutsogolo chala chili pafupi ndi batani lofiira loyambitsira kujambula. Anthu anabwera ochepa, ambiri mwa iwo achibale (mkazi wanga anati mutu ukumupweteka, ndipo tsopano ndikudziwa chifukwa chake).

A Esinati anakoka nsambo imodzi, anaisiya ikulira, kenako anangokhala chete. Yusufu anayamba kukanda ng'oma ndi zikhadabo. A Fostino anauzira lipenga, ndipo linalira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Ndinati eya, akutchuna.

Patapita mphindi khumi zinthu zinafika poipa. Yusufu ankamenya chilichonse chimene dzanja lake lapeza, a Esinati akulowera kwawo, a Fostino kwawonso, maso atatsinzina, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Ndinawamvera chisoni. Zida zikakukana pamaso pa anthu si zinthu zoseketsa.

Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali panga anandikodola.

"Kodi ayamba nthawi yanji amenewa?"

"Posachedwapa, bambo," ndinayankha ngati wodziwa. "Zida zakunja zimavuta kutchuna."

Poona kuti zichedwa, ndinatuluka kukagula zitumbuwa pa geti (inde, ndinatuluka). Nditabwerera ndinawapeza akadali pomwepo, thukuta lili kamukamu. A Fostino anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana. Ndinawakwezera chala chachikulu, kutanthauza kuti asafulumire, ine ndilipo. Iwo anagwedeza mutu mosangalala n'kutsinzinanso.

Ola litatsala pang'ono kukwana, onse atatu anasiya nthawi imodzi. Mu holo munati zii. Ndinati tsopano zatheka, ndipo ndinadina batani lofiira.

A Fostino anawerama. Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Yusufu anayamba kumasula ng'oma zake.

Nzeru zinandifika pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi. Sindinayerekeze kukhudza makina poopa kuti wina aona, ndiye anapitiriza kujambula kwa mphindi khumi ndi zinayi. Anagwira mabenchi akukokedwa, a Esinati akumasula nsambo, a Fostino akuuzira lipenga kuti malovu atuluke, chigayo chikulira chapatali. Mbale yachitsulo ya pa ng'oma inagwa n'kugubuduzika mpaka pakhomo. Mayi wina anakuwa panja, "Iwe Chifundo, tiye kwathu!"

"Mwaigwira, alamu?" anafunsa a Fostino akupukuta nkhope.

"Yonse," ndinatero.

"Lero mzimu unatsika. Zaka zonsezi sindinaimbepo chonchi."

Chimene chinandipulumutsa, kapena kundimiza, n'chakuti a Fostino samvetsera zimene ajambulidwa. Amati ukamvetsera umayamba kudzikopera wekha, ufulu n'kutha. Anangondiuza kuti nditumize kwa mnzawo wa ku Blantyre amene amaika nyimbo pa intaneti. Ndinatumiza. Ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe munthu wabwinobwino angamvetsere.

Anamvetsera atatu, ndipo onse analemba ndemanga pa intanetipo. Wa ku Lilongwe anayamikira kulimba mtima kwa gulu limene likukana kuimba pamene aliyense akuyembekezera kuti liimbe. Mzungu wina wa kutsidya kwa nyanja anatha ndime ziwiri pa mbale yogubuduzika ija, akuti Yusufu anaiponya pa nthawi yake yeniyeni. Wachitatu, wa ku Blantyre, anatukwana: anati awa ndi matama a anthu obwera ku Joni, ndipo woimba yekha m'chimbale chonsecho ndi mayi woitana mwana uja (ameneyu ndinkagwirizana naye).

A Fostino anasangalala ndi onse atatu, wotukwanayo ndiye kwambiri. Ankayenda ndi foni pamsika akuonetsa ngakhale ogulitsa tomato. Zina zimene analembazo sankazikumbuka, koma ankati munthu akamaimba sadziwa zonse zimene zikuchitika.

"Zaka makumi atatu, alamu," anandiuza, "palibe analembapo dzina langa. Mwandichotsa manyazi."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama, komabe sindinaulule.

Anaulula ndi a Esinati. Iwo alibe lamulo loletsa kumvetsera, ndipo atatsegula anadzimva okha akufunsa kuti chikwama cha gitala chili kuti. Tsiku lomwelo anapalasa njinga kuchokera ku Magomero kudzauza a Fostino. Za zimene mkazi wanga anandiuza nkhaniyo itafika pakhomo, sindilemba pano.

Miyezi itatu ija itatha, a Fostino anatulukira kunyumba m'mawa wina. Anakana mpando, anakhala pa khonde.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero. "Madzi akatayika saoleka. Ndamuimbira Yusufu, akuti sakukumbuka kanthu. A Esinati akuti ankangomva besi yawo. Ine ndikamaimba sindidzimva. Koma inu munali kutsogolo, pafupi penipeni, ndipo khutu ndiye ntchito yanu. Tandiuzani, alamu. Zinali bwanji?"

Ndinafunitsitsa kuwapatsa kanthu, ngakhale kachidutswa kamodzi kokha. Ndinafufuza m'mutu monse, osapezamo.

"Alamu, ine sindinamvetsere. Ndinkadikira kuti muyambe."

Anayang'ana m'munda mwa nandolo. Kenako anadzuka n'kusasa thalauza.

"Ambiri amatero," anatero. "Ndimaganiza kuti inu ayi."

Masiku ano ndimadina batani lofiira woimba akangotsegula chikwama cha chida chake. Eni maukwati amadandaula, ena asiya kundiitana, koma ine ndimangojambula. A Fostino amaimbabe lipenga lawo okhaokha kuseri kwa nyumba, ndipo kawiri konse ndapita ndi makina anga kukapempha. Amandilandira bwino, amafunsa za ana, koma lipengalo amalibwezera m'bokosi.